Khola la Mapesi Lomwe Linasanduka Linga ku Kansas City

Mu Julayi 2020 timu ya Kansas City Chiefs inasainitsa mnyamata wa zaka 24, Patrick Mahomes, kontrakiti ya zaka khumi ya madola 450 miliyoni. Ochemerera timuyi sanadandaule kuti ndalama zawonongeka. Mnyamatayo anali atangowabweretsera chikho cha Super Bowl chomwe anachidikira zaka 50, ndipo dzanja lake linkatumiza mpira paliponse, ngakhale kumene maso ake sakuyang'ana. Koma patangotha miyezi isanu ndi iwiri, usiku wa pa 7 Febuluwale 2021, anthu anaona zina. Anaona munthu wodula uja, atavala malaya ake ofiira, akuthawa chambuyo, akutsimphina, akukhotera uku ndi uku, zimphona za malaya oyera zili naye kumsana. Amene ankayenera kumutchinjiriza anali balala, wina chagada, wina akungoyang'ana kumene mphepo yadutsira.

Kuti nkhaniyi ikome, tiyambe taudziwa mpirawo. Ndi mpira wosongoka mbali ziwiri, woponya ndi manja, ndipo timu iliyonse imalowetsa anthu 11. Timu imene ili ndi mpira imapatsidwa mwayi kanayi kuti isunthe mayadi khumi. Ikawakwanitsa imayambiranso kuwerenga, mpaka ikafike kumapeto kwa bwalo n'kuchinya touchdown ya mapointi 6. Ikakanika kufika koma ili pafupi, imamenya mpira ndi phazi pakati pa zitsulo ziwiri n'kutolako mapointi 3. Woyendetsa zonse ndi quarterback, ntchito ya Mahomes. Iyeyu akalandira mpira amafuna masekondi awiri kapena atatu kuti aone mnzake amene ali pabwino n'kumuponyera.

Masekondi amenewo sagwa kumwamba. Amamugulira ndi thukuta amuna asanu amene amawerama patsogolo pake: center pakati, amene amamupatsira mpira kudzera pakati pa miyendo, ma guard awiri m'mbali mwa center, ndi ma tackle awiri kunsonga. Aliyense wa iwo amalemera makilogalamu pafupifupi 140, ena kuposa pamenepo. Sachinya zigoli, kanema sawatsatira, ndipo nambala ya mmodzi wa iwo ikamveka pa chimkuzamawu cha woyimbira mpira, dziwani kuti walakwitsa. Wofunika kwambiri ndi tackle wa kumanzere, chifukwa quarterback woponya ndi dzanja lamanja amafulatira mbali imeneyo, moti mdani wochokera kumeneko samuona. Mdani akadutsa n'kumugwetsa mpira uli m'manja, amati sack, ndipo manyazi ake ndi a amuna asanu aja.

Tsono taonani mmene amuna asanu a Kansas City anathothokera m'chaka cha 2020, mmodzimmodzi. Woyamba anachoka ligi isanayambe n'komwe. Laurent Duvernay-Tardif, guard wa kumanja, ndi wa ku Canada ndipo anali ataphunzira udokotala pa yunivesite ya McGill. Mliri wa Covid-19 utavuta, anasankha kusiya mpira chaka chonse n'kukasamalira okalamba kwawo ku Quebec. Palibe amene akanamudzudzula, koma dzenje linatsala. Mnyamata watsopano Lucas Niang nayenso anasankha kukhala pambali chaka chimenecho. Mu Okutobala, Kelechi Osemele anagwa m'bwalo mitsempha ya mawondo onse awiri itaduka nthawi imodzi. Mwezi womwewo msana unamugoneka Mitchell Schwartz, tackle wa kumanja, munthu amene anali atayamba masewero oposa 130 motsatizana osajomba ngakhale amodzi.

Timu inkapambanabe. Inamaliza ligi itapambana masewero 14 n'kugonja awiri okha, chifukwa luso la Mahomes linkabisa ming'alu yonse. Koma pa 24 Januwale 2021, ikugonjetsa Buffalo Bills kuti ilowe mu Super Bowl, mzati womaliza unathyoka. Eric Fisher, tackle wa kumanzere, amene mu 2013 anasankhidwa woyamba pa anyamata onse olowa mu ligi ya NFL, anaduka mtsempha wa kuchidendene masewero atatsala pang'ono kutha. Anzake akuvina, iye anali akutuluka m'bwalo mochita kugwiriziridwa.

Mphunzitsi Andy Reid anatsala ndi masabata awiri oti asoke zigamba. Mike Remmers, amene anali atayendayenda m'matimu ambiri, anamusamutsa kumanja n'kumuika kumanzere. Andrew Wylie, amene ntchito yake inali ya guard, anamukankhira kunsonga ya kumanja. Pamalo pa Wylie analowetsapo Stefen Wisniewski, amene Pittsburgh Steelers inali itamuchotsa miyezi itatu m'mbuyomo. Otsalawo anali Austin Reiter ndi Nick Allegretti. Chaka chilichonse matimu 32 a NFL amasankhana anyamata ochokera m'mayunivesite pa mwambo wa draft, womwe uli ndi ndime zisanu ndi ziwiri. Reiter ndi Allegretti anatengedwa m'ndime yomaliza. Remmers ndi Wylie sanatengedwe n'komwe, anachita kulowera pawindo. Anali amuna olimbikira, koma kuwaika patsogolo pa Mahomes kunali ngati kugula ng'ombe yodula kuposa zonse pamsika n'kukaigoneka m'khola la mapesi, kudera la afisi.

Afisiwo anali a Tampa Bay Buccaneers, ndipo ankasewera pakhomo pawo penipeni, pa bwalo la Raymond James, chinthu chomwe chinali chisanachitikepo mu Super Bowl. Chifukwa cha mliri, m'bwalomo munalowa anthu pafupifupi 25,000 okha, mipando inayo atakhazikapo zithunzi za makatoni. Ngakhale makatoniwo akanakhala ndi pakamwa akanamumvera chisoni Mahomes. Woyang'anira otchinga a Tampa, Todd Bowles, sanavutike kutumiza gulu. Ankangotumiza amuna anayi, Shaquil Barrett, Jason Pierre-Paul, Ndamukong Suh ndi anzawo monga Vita Vea, enawo n'kukatseka njira zonse zoponyera mpira. Anayi ankakwanira kuphwasula asanu.

Tayerekezani kuti mukuonera. Mpira wangofika m'manja mwa Mahomes, asanapume n'komwe, Barrett watulukira kale. Mahomes wapotoloka, wathawira kumanzere, kumeneko wakumana ndi Suh. Wabwereranso, chala cha kuphazi chomwe anavulala masabata atatu m'mbuyomo chikumuluma. Owerenga ndi makina anapeza kuti usiku umenewo anathamanga mayadi 497, mamita oposa 450, pongothawa asanaponye mpira kapena kugwetsedwa. Anamupanikiza maulendo 29, chiwerengero chomwe chinali chisanaonekepo mu Super Bowl. Anamugwetsa katatu, ndipo mipira yake iwiri inathera m'manja mwa adani. Nthawi ina, atamukola mwendo, anaponya mpira thupi lonse lili m'malere, litagona chopingasa, ndipo mpirawo unauluka n'kukagunda chisoti cha mnzake Darrel Williams pafupi ndi mzere wochinyira, n'kugwa pansi. Luso la chaka chonse linathera pa udzu.

Kumbali inayo quarterback wa Tampa, Tom Brady, bambo wa zaka 43, anaima phee kuseri kwa amuna ake asanu, akusankha woti amuponyere mosafulumira. Anamugwetsa kamodzi kokha. Masewero anatha 31 kwa 9. Mapointi onse a Kansas City anachokera kuphazi la Harrison Butker, touchdown panalibe. Chiyambire kusewera mu NFL, Mahomes anali asanagonjepo ndi mapointi ochuluka chotero. Patangopita masiku ochepa anakagona pa tebulo la opaleshoni kukakonza chala chija.

Matimu ena zikatere amati linali tsoka, ovulala akachira zonse zibwerera m'chimake. Brett Veach, mkulu wogula ndi kugulitsa osewera ku Kansas City, sanafune zomata ming'alu. Pa 11 Malichi 2021, patangotha mwezi umodzi, anachotsa Fisher ndi Schwartz tsiku limodzi, amuna awiri amene anathandiza kubweretsa chikho chija. Ochemerera anagwira pakamwa. Khola linali lophwasuka kale, ndiye mkuluyu akuzulanso mizati yotsala? Koma iye anali atayamba kale kuwerenga ndalama.

Mwala woyamba unali wodula. Joe Thuney anali atasewera zaka zisanu ku New England Patriots osajomba masewero ngakhale amodzi, atapambana Super Bowl kawiri. Ndi munthu wosalankhulalankhula, wosadzionetsera, amene mdani akamugunda amangomva ngati wagunda chinthu chomera pansi. Veach anamupatsa madola 80 miliyoni a zaka zisanu, mtengo womwe ambiri anati ndi wopitirira kwa guard. Anayesanso kukopa katswiri wa ma tackle onse, Trent Williams, koma iyeyu anasankha kukhalabe ku San Francisco 49ers. Anadzutsanso Kyle Long amene anali atapuma kale pa mpira, koma anavulala pokonzekera ndipo sanathandize. Si mwala uliwonse unalowa m'khoma.

Mwala wachiwiri unali wamakani. Ku Baltimore Ravens kunali chimphona chotalika kupitirira mamita awiri, cholemera makilogalamu oposa 150, dzina lake Orlando Brown Jr. Bambo ake, amene anamwalira mu 2011, anasewera mu NFL ngati tackle wa kumanja, ndipo ankamuuza mwana wawo kuti iye adzakhale wa kumanzere, malo aulemu. Ku Baltimore malowo anali ndi mwini wake, ndipo Brown analengeza poyera kuti kumanja sakufunako. Kansas City inali ndi dzenje kumanzere komweko. Mu Epulo matimu awiriwa anagwirizana. Veach anapereka mwayi wake wosankha m'ndime yoyamba ya draft pamodzi ndi mwayi wa m'ndime zina zotsatira, n'kulandira Brown komanso mwayi umodzi wa m'ndime yachiwiri. Ndi mwayi umenewo anasankha wotchinga Nick Bolton. Dzinali mulisunge.

Mwala wachitatu unali wamanzere. Pa nambala 63 anasankha Creed Humphrey wa ku yunivesite ya Oklahoma, mnyamata wa nkhope yamwana amene anakula akuchita masewero ogwetsana. Ma center ambiri amapereka mpira ndi dzanja lamanja, koma iyeyu ndi wamanzere, ndipo panali ena amene ankakayika ngati quarterback angazolowere. Mahomes anazolowera msanga. Chimene masewero ogwetsana anamuphunzitsa Humphrey n'chakuti munthu wamkulu sagwetsedwa ndi mphamvu zokha, amagwetsedwa ndi kudziwa poika manja ndi poponda.

Koma mwala wokoma kuposa yonse unali wotola. Trey Smith, pomaliza sekondale, anali mmodzi mwa anyamata amene mayunivesite onse a ku America ankalimbirana. Anapita ku Tennessee n'kuwala chaka choyamba chomwe. Mu 2018 madokotala anamupeza ndi magazi oundana m'mapapo, ndipo vutolo linabweranso chaka chomwecho. Anachira, anabwerera m'bwalo, anasewera zaka ziwiri mwaukatswiri, koma tsiku la draft matimu anachita mantha ndi mapepala a kuchipatala. Ndime yoyamba inadutsa. Yachiwiri inadutsa. Yachitatu, yachinayi, yachisanu, foni ili zii. Anyamata 225 anatchulidwa mayina iye ali pampando. Pa 1 Meyi, m'ndime yachisanu ndi chimodzi, Kansas City inamutenga pa nambala 226. Kuchokera tsiku lomwe Veach anazula mizati yakale kufika tsiku limeneli panali pasanathe miyezi iwiri.

Pamene ligi ya 2021 inkayamba mu Seputembala, polimbana ndi Cleveland Browns, ochemerera a pa bwalo la Arrowhead anayang'ana patsogolo pa Mahomes n'kusowa nkhope yodziwika. Onse asanu anali atsopano: Brown, Thuney, Humphrey, Smith ndi Niang uja amene tsopano anali atabwera. Atatu mwa iwo anali asanasewerepo masewero a NFL ngakhale amodzi. Musaganize kuti zinangoyenda tsiku lomwelo. Amuna asanuwa ntchito yawo ndi yomvana popanda kulankhula, aliyense azidziwa kumene phazi la mnzake liponde, ndipo zimenezi sizigulidwa ndi madola. Mphunzitsi wawo Andy Heck anali ndi ntchito yowaumba. Brown, amene ku Baltimore anazolowera kukankha kupita kutsogolo, anayenera kuphunzira kubwerera chambuyo akutchinga, chifukwa Mahomes amakonda kuponyera patali. M'masewero asanu ndi awiri oyamba timu inagonja anayi, kuphatikizapo kukunthidwa 27 kwa 3 ndi Tennessee Titans, ndipo onyoza anayamba kusekera m'manja.

Koma simenti inali ikuuma. Mu Okutobala, polimbana ndi Buffalo, Thuney anathyoka fupa la dzanja masewero atangoyamba, ndipo anapitiriza mpaka kumapeto. Masabata otsatira ankalowa m'bwalo dzanjalo atalikulunga. Humphrey ndi Smith, ana a dzulo, anayamba masewero onse 17 a ligi. Smith uja amene matimu ankamuopa kuti ndi wodwala anasanduka munthu amene adani ankamuopa, wokankha mnzake mpaka wezulo italira, nthawi zina kupitirirako pang'ono. Timu inapambana masewero asanu ndi atatu motsatizana. Niang atavulala, pamalo pake panalowa munthu amene ambiri anali atamuiwala, Andrew Wylie, mmodzi wa asanu a usiku wa ku Tampa. Chaka chimenecho chikho sichinabwere, Cincinnati Bengals inawatsekera khomo la Super Bowl ndi 27 kwa 24. Koma palibenso amene ankanena za mapesi.

Mu 2022 Veach anachitanso china chodabwitsa. Anagulitsa Tyreek Hill, wolandira mipira wothamanga kuposa onse, ku Miami Dolphins. Kale timuyi inkadalira kuti Mahomes athawe, Hill athamange, zozizwitsa zichitike. Tsopano inali ndi njira ina: Mahomes aime, apume, asankhe. Anaponya mayadi 5,250 ndi ma touchdown 41, n'kusankhidwa wosewera wopambana onse mu ligi. Brown, Thuney ndi Humphrey onse atatu anasankhidwa m'gulu la akatswiri la Pro Bowl. Kuseri kwawo kunkathamanga kamnyamata kaukali, Isiah Pacheco, kotengedwa m'ndime yomaliza pa nambala 251, kothamanga mopondereza ngati kali ndi mlandu ndi nthaka. Kale njira ankaifuna ndi nyali, tsopano inkatseguka yokha.

Mayeso enieni anadza mu Januwale 2023. Polimbana ndi Jacksonville Jaguars, mdani anagwera mwendo wa Mahomes n'kumupotokola kakolo. Anatuluka akutsimphina, ndipo wolowa m'malo mwake, Chad Henne wa zaka 37, anayendetsa timu mayadi 98 mpaka kuchinya, atatetezedwa ndi amuna asanu omwewo. Mahomes anabwerera, anapambana, sabata yotsatira anabwezera Cincinnati 23 kwa 20 ndi mwendo umodzi ndi theka. Kenako kunabwera uthenga wozizira: mu Super Bowl akumana ndi Philadelphia Eagles.

Ngati a Tampa anali oopsa, awa anali oopsa kawiri. M'chaka chimenecho Eagles inagwetsa ma quarterback maulendo 70 mu ligi, kungotsala awiri kuti ifanane ndi mbiri ya Chicago Bears ya 1984. Inali ndi amuna anayi amene aliyense anagwetsa kopitirira kakhumi: Haason Reddick maulendo 16, Javon Hargrave, Josh Sweat ndi Brandon Graham aliyense 11. Masabata awiri Super Bowl isanachitike, Reddick anali atavulaza chigongono cha Brock Purdy, quarterback wa San Francisco, masewero n'kuthera pomwepo. Ndiye woti ayang'anizane ndi Reddick kunsonga ya kumanja anali ndani? Wylie yemwe uja. Akatswiri a pa kanema sanachite kubisa. Quarterback wotsimphina, adani anjala, ndi munthu wa ku Tampa pakhomo: ambiri anati tionanso filimu yakale.

Pa 12 Febuluwale 2023, pa bwalo la State Farm mu mzinda wa Glendale ku Arizona, Kansas City inalowa itavala zoyera. Reddick ananyamuka koyamba, liwiro lake lonse, n'kupeza Wylie ataima nji. Anayesa kuzungulira kunja, Wylie anamuperekeza mwaulemu mpaka kudutsa kumene kuli Mahomes. Kumanzere Sweat anagunda Brown n'kubwerera. Pakati, Hargrave ndi Fletcher Cox anapeza Thuney, Humphrey ndi Smith atalumikizana mapewa, popanda polowetsa ngakhale dzanja. Nick Bolton uja, wobwera ngati basera pa malonda a Brown, anatola mpira womwe quarterback wa Philadelphia, Jalen Hurts, anagwetsa n'kuthamanga nawo mayadi 36 kukachinya. Komabe Philadelphia inali timu yamphamvu, ndipo popita kokapuma inkatsogola 24 kwa 14. Choipa kwambiri, chigawo choyamba chitatsala pang'ono kutha, mdani anamugwira Mahomes pa kakolo yemwe uja akuthamanga, ndipo anafika pa benchi nkhope itakwinyika ndi ululu.

Kale, apa ndiye pakanathera nkhani. Munthu amene ku Tampa anapulumukira miyendo tsopano analibe miyendo yothawira. Koma chigawo chachiwiri chitayamba, zinaoneka kuti kuthawa sikukufunikanso. Amuna asanu aja anayamba kukankha. Humphrey akatsegula pakati, Smith akagubuduza wake, Pacheco ankadutsa mutu uli pansi, ndipo anachinya. Mahomes anaima mowongoka, akuyang'ana kumanja, kumanzere, osapupuluma, n'kuponyera Kadarius Toney amene anali yekhayekha, touchdown. Posakhalitsa anaponyeranso Skyy Moore, nayenso ali yekhayekha, touchdown ina. M'chigawo chonsecho mpira wake umodzi wokha ndi umene sunafike m'manja mwa mnzake. Nthawi iliyonse imene Kansas City inagwira mpira m'chigawo chimenecho inatuluka ndi mapointi.

Mapointi ali 35 kwa 35, mphindi zikutha, Mahomes anayang'ana patsogolo n'kuona msewu utatseguka pakati, adani onse atagwidwa. Apa ndipo anathamanga, koma taonani kusiyana kwake. Ku Tampa ankathamanga chambuyo, kupulumutsa moyo. Ku Glendale anathamanga chamtsogolo, mayadi 26, akutsimphina, mano atalumana, kukafuna chikho. Kutatsala masekondi 8, Butker yemwe uja amene ku Tampa phazi lake linali chitonthozo chokhacho anamenya mpira pa mayadi 27 n'kudutsa pakati pa zitsulo. Masewero anatha 38 kwa 35.

Tsono owerenga anatsegula mabuku awo. Kansas City inathamanga ndi mpira mayadi 158, Pacheco yekha 76. Nanga Eagles ya maulendo 70 ija inamugwetsa kangati Mahomes? Ziro. Reddick ziro, Sweat ziro, Hargrave ziro, Graham ziro. A ku Philadelphia anadandaula kuti udzu unali woterera, ndipo zinali zoona, osewera ankangotsetsereka. Koma udzuwo unali umodzi, ndipo zimphona za Kansas City zinaponda pomwepo. Patatha masiku atatu, timu ikuyenda ndi chikho m'misewu ya Kansas City kulowera ku Union Station, amuna asanu aja anakwera basi atavala malaya olembedwa kuti 0 Sacks. Anthu amene mayina awo amamveka akalakwitsa okha, tsiku limenelo khwimbi la anthu linkawaitana mayina mmodzimmodzi. Wylie, amene zaka ziwiri m'mbuyomo ankanyozedwa pa intaneti, anali pakati pawo, mimba patsogolo, akuseka.

Linga likatchuka, ena amabwera kudzagula miyala yake. Mwezi wotsatira Brown anapita ku Cincinnati pa madola 64 miliyoni a zaka zinayi. Wylie, amene pa draft palibe anamufuna, anasaina ku Washington madola 24 miliyoni a zaka zitatu. Koma atatu a pakati anatsala, ndipo pa 11 Febuluwale 2024 ku Las Vegas timuyi inatenganso chikho pogonjetsa San Francisco 25 kwa 22 m'nthawi yowonjezera. Tsiku limenelo Thuney anali wovulala, ndipo pamalo pake panaima Nick Allegretti, winanso wa usiku wa ku Tampa. Mtsempha wa chigongono chake unaduka masewero ali mkati, koma sanatuluke mpaka wezulo yomaliza. Awiri mwa anthu amene anachita manyazi mu 2021 anachoka ku Kansas City atavala mphete za ukatswiri zomwe anazikhetsera thukuta okha.

Mpira uwu sulola munthu kugona. Mu Febuluwale 2025 ku New Orleans, malo a kumanzere atasowanso mwini mpaka Thuney kuchita kusamutsidwira komweko, Eagles inabwezera. Inamugwetsa Mahomes kasanu ndi kamodzi n'kupambana 40 kwa 22. Koma Kansas City sinalinso ija yodikira kuti luso la munthu mmodzi libise ming'alu. Mu Epulo chaka chomwecho, mwayi wake woyamba pa draft inaugwiritsa ntchito posankha tackle wa kumanzere, Josh Simmons wa ku Ohio State.

Ana awiri a mu 2021 aja nawo anakolola. Mu Ogasiti 2024, Humphrey wamanzere uja anasaina kontrakiti ya madola 72 miliyoni ya zaka zinayi, yoposa ya center wina aliyense panthawiyo. Mu Julayi 2025 inafika nthawi ya Trey Smith. Mnyamata amene matimu 32 anamudutsa ndime zisanu zathunthu poopa mapapo ake, amene anamva mayina 225 lake lisanatchulidwe, anasaina madola 94 miliyoni a zaka zinayi, ndipo tsiku limenelo munalibe guard wolipidwa kuposa iye mu NFL yonse.